Alendo ndi Nyumba za Amonke za ku Bhutan

Pakati pa maiko awiri akulu, India kumwera ndi China kumpoto, pali dziko laling'ono lotchedwa Bhutan, limene liri m'mapiri a Himalaya. Eni ake amalitchula Druk Yul, ndiko kunena kuti dziko la chinjoka cha bingu. Kukula kwake ndi masikweya kilomita 38,394, ndipo kalembera wa chaka cha 2017 anapezamo anthu opitirira 700,000. Ambiri a iwo ndi a chipembedzo cha Chibuda, koma kumwera kuli ena olankhula Chinepali amene ambiri ao atsata Chihindu. Dzikoli liri ndi mfumu, ndipo likulu lake ndi Thimphu.

Alendo amene amapita kumeneko chaka ndi chaka amakopeka kweni-kweni ndi nyumba za amonke, ndiwo anthu odzipatula kuti atumikire chipembedzo. Nyumbazo zinamangidwa pamwamba pa zitunda, pokumana mitsinje ndi m'mbali mwa matanthwe, ndipo mbiri ya kukongola kwake yafika kutali. Koma mlendo sangalowemo monga afunira mwini. Ayenera kutsagana ndi namulondola wa m'dziko lomwelo amene ali ndi chiphaso cha boma, ndipo iyeyu ndiye amamuuza pobvulira nsapato, poyenera kuima, ndi chitseko chimene sadzamtsegulira. Makonzedwe amenewa ali ndi chifukwa chake. Nyumbazi si mabwinja osiyidwa ndi anthu akale. Anthu akupempheramo kufikira lero lino, ndipo zina mwa izo muli maofesi a boma. Tsono funso limene anthu a ku Bhutan akhala akulimbana nalo kuyambira 1974 ndi ili: kodi nyumba ya mapemphero ingalandire bwanji anthu obwera kudzangoona, iyo nkukhalabe nyumba ya mapemphero?

Chiyambi cha Nyumbazi

Mbiri ya makolo a kumeneko imati akachisi oyamba anamangidwa m'zaka za m'ma 600 ndi Songtsen Gampo, mfumu ya ku Tibet. Akuti chiwanda chachikazi chinagona chagada pa dziko lonse la mapiriwo kutsekereza chiphunzitso cha Buddha, ndipo mfumuyo inamanga akachisi 108 pa ziwalo zake kuti chisadzukenso. Awiri a akachisiwo ali m'Bhutan, wa Kyichu m'chigwa cha Paro ndi wa Jambay m'chigwa cha Bumthang. M'zaka za m'ma 700 kunafika mphunzitsi wamkulu dzina lake Padmasambhava, amene anthu amamutcha Guru Rinpoche, kutanthauza mphunzitsi wa mtengo wapatali. Iyeyu amalemekezedwa ngati Buddha wachiwiri, ndipo mapanga amene akuti anabindikiramo asanduka malo opatulika.

Koma munthu amene anaumba dzikoli kuti likhale limodzi ndi Ngawang Namgyal, wodziwika ndi dzina laulemu lakuti Zhabdrung. Anali mkulu wa amonke a gulu la Drukpa ku Ralung m'dziko la Tibet, ndipo atayambana ndi wolamulira wa kumeneko anathawira kumwera mu 1616. Anapeza zigwa zosagwirizana, chiri chonse ndi akulu ake. Mu 1620 anamanga nyumba ya amonke ku Cheri, nayambitsa pamenepo gulu la amonke limene liripobe mpaka lero. Pambuyo pake anayamba kumanga malinga akulu otchedwa dzong: la Simtokha mu 1629, la Punakha mu 1637, la Wangdue Phodrang mu 1638, ndi ena ambiri. Ulamuliro anaugawa pawiri, za chipembedzo nazipereka kwa mkulu wa amonke wotchedwa Je Khenpo, za dziko kwa wolamulira wotchedwa Druk Desi. Atamwalira mu 1651, nduna zake zinabisa imfa yake zaka zoposa 50, ziri kuuza anthu kuti wabindikira m'mapemphero, poopa kuti dziko lingagawikenso. Udindo wa Druk Desi unatha pamene Ugyen Wangchuck analongedwa ufumu mu 1907, koma mpando wa Je Khenpo ulipobe.

Mlendo ayenera kusiyanitsa mitundu inai ya zomangidwa zopatulika, pakuti malamulo ake ndi osiyana. Dzong ndi linga la makoma oyera okhuthala, lokhala ndi nsanja pakati ndi mabwalo m'kati mwake. Mbali imodzi ndi ya amonke, mbali ina ndi ya maofesi a boma la chigawo. Amisiri akale anali kumanga malingawa popanda misomali ndiponso popanda chithunzi cholembedwa pa pepala. Lhakhang ndi kachisi, amene angakhale payekha m'mudzi kapena m'kati mwa dzong. Goenpa ndi nyumba ya amonke yomangidwa kutali ndi midzi, kumene kuli zii, kuti okhalamo aphunzire ndi kusinkha-sinkha. Chorten ndi chimulu cha miyala chopakidwa njereza, chosungiramo zinthu zopatulika. Kawiri-kawiri chiribe khomo, ndipo anthu amangochizungulira ali kupemphera.

M'mene Khomo Linatsegukira

Kwa zaka mazana ambiri alendo a kutali ofika m'dzikomo anali owerengeka. Azungu oyamba anali ansembe awiri a ku Portugal, Estêvão Cacella ndi João Cabral, amene anafika mu 1627 nakhala ndi Zhabdrung miyezi ingapo. Mu 1774 George Bogle anadutsamo pa ulendo wa ku Tibet atatumidwa ndi Angerezi a ku India. Msewu wa galimoto wochokera ku Phuentsholing, pa malire a India, unafika ku Thimphu mu 1962, m'nthawi ya mfumu yachitatu, Jigme Dorji Wangchuck. Usanamangidwe msewuwo, ulendo umenewu unali wa masiku angapo pansi kapena pa nyuru.

Alendo olipira ndalama kuti aone dziko analoledwa koyamba mu 1974, chaka chimene mfumu yachinai, Jigme Singye Wangchuck, inabvekedwa chisoti chaufumu. Chaka chimenecho anafika 287 okha. Ndege za Druk Air zinayamba kutera ku Paro mu 1983, ndipo mu 1991 boma linalola makampani a anthu wamba kuyendetsa alendo, nchito imene poyamba inali ya boma lokha. Kuyambira pachiyambi mfundo yake inali yakuti alendo akhale ochepa koma olipira kwambiri. Kuyambira mu 2012 mlendo wa kutali anali kulipira madola a ku America 250 pa tsiku m'miyezi ya alendo ambiri, ndi madola 200 m'miyezi ina. Ndalamazo zinali za pogona, chakudya, galimoto ndi namulondola, ndipo madola 65 mwa izo anali msonkho wa boma.

Ngakhale alendowo anali ochepa, madandaulo sanachedwe kumveka. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 akulu a chipembedzo ndi a boma anaona kuti ulemu wa malo opatulika uli kuchepa, ndipo kuti kuba kwa zinthu zakale za m'makachisi kuli kudetsa nkhawa. Chotero akachisi ambiri anatsekedwa kwa alendo zaka zoposa khumi. Pamene anatsegulidwanso kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000, panaikidwa lamulo lakuti mlendo alowe m'mabwalo ndi m'zipinda zosankhidwa zokha, ndiponso kuti akhale ndi namulondola wobvomerezeka. Mtima womwewo unaonekeranso pa nkhani ya mapiri, amene anthu amati ndiwo malo okhalamo mizimu: mu 1994 boma linaletsa kukwera mapiri otalika kuposa mamita 6,000, ndipo mu 2003 linaletseratu kukwera nsonga za mapiri. Ndicho chifukwa chake Gangkhar Puensum, phiri la mamita 7,570, silinapondedwepo pamwamba ndi munthu.

Namulondola ndi Nchito Yake

Nchito yolondolera anthu m'malo opatulika si yachilendo ku Bhutan. Eni dziko ali ndi mwambo wakale wotchedwa neykor, ndiko kuyenda ulendo wozungulira malo oyera kuti munthu apeze madalitso. Kachisi ali yense ali ndi womsunga amene amagwira makiyi, nayatsa nyali, nafotokozera apaulendo mbiri ya fano liri lonse. Kalelo kunalinso mabuku otchedwa neyig, olongosola njira ndi zimene munthu adzaone pa malo ali onse. Namulondola wa masiku ano walowa m'njira imeneyi, koma katundu wake ndi wolemera koposa, popeza iye amatsogolera anthu amene sadziwa kanthu za chipembedzocho, ndipo ambiri a iwo sanabwerere kudzapemphera.

Nchito yake yoyamba ndi ya mwambo. Ku Bhutan kuli malamulo a khalidwe otchedwa driglam namzha, amene amanena za kabvalidwe, kayendedwe ndi kalankhulidwe pamaso pa akulu. Mwamuna amabvala mkanjo wofika m'maondo wotchedwa gho, mkazi nabvala nsalu yofika m'mapazi yotchedwa kira. Polowa m'dzong mwamuna amaonjezapo nsalu yaitali yopachika pa phewa lamanzere, dzina lake kabney, ndipo mtundu wake umasonyeza udindo wa mwini wake: yoyera ndi ya munthu wamba, yofiira ndi ya amene mfumu inampatsa ulemu wa Dasho, yofiirira ngati lalanje ndi ya nduna, ndipo yachikasu ndi ya mfumu ndi Je Khenpo okha. Chotero alendo amaona namulondola wao ataima pa chipata ali kudzikulunga nsalu yoyera asanalowe, ndipo phunziro lao limayambira pomwepo. Mlendo sakakamizidwa kubvala gho kapena kira, koma ayenera kubisa manja ndi miyendo, kubvula chipewa, ndi kusiya nsapato pa khomo la kachisi. Pozungulira chorten kapena kachisi amayenda chinthucho chiri ku dzanja lake lamanja. Sakhala pansi atalozetsa mapazi ku guwa, saloza fano ndi chala chimodzi koma ndi chikhato chotambasula, ndipo sajambula zithunzi m'kati mwa kachisi. Safunsa anadya phula. Koma mlendo wa kutali sadziwa ngakhale choti afunse, ndipo namulondola ayenera kumuuza asanalakwe.

Nchito yachiwiri ndi kumasulira zojambula. Makoma a makachisiwa ndiwo anali mabuku a anthu osadziwa kuwerenga. Pa khonde la malinga ambiri pali chithunzi cha gudumu la moyo, logwidwa m'mano ndi m'zikhadabo za mfumu ya imfa. Gudumulo lagawidwa m'zigawo zisanu ndi chimodzi zimene cholengedwa chingabadwiremo: kwa milungu, kwa adani a milungu, kwa anthu, kwa nyama, kwa mizukwa ya njala, ndi ku malo a mazunzo. Pakati peni-peni pali nkhumba, njoka ndi tambala zolumana michira. Nkhumba ndiyo umbuli, njoka ndiyo mkwiyo, tambala ndiye chilakolako, ndipo Abuda amaphunzitsa kuti zitatuzi ndizo zimazunguza gudumulo, nizichititsa munthu kubadwa ndi kufa kosalekeza. Wopanda womfotokozera angaone zirombo zokha, napitirira.

Chithunzi china chopezeka pali ponse, m'makachisi ndi m'nyumba za anthu, ndi cha abwenzi anai pansi pa mtengo: njobvu yabereka pusi, pusi wabereka kalulu, kalulu wabereka mbalame. Nthano yake imati nyamazi zinafuna kudziwa wamkulu mwa izo, nizigwirizana kuyesa zaka zao ndi mtengowo. Njobvu inati inauona uli waukulu kale, pusi anati anauona uli wanthete, kalulu anati anadya masamba ake oyamba, koma mbalame inati ndiyo inagwetsa njere imene mtengowo unamera. Chotero yochepetsetsa inapezeka kuti ndiyo yaikulu, niikwezedwa pamwamba pa zonse. Ana a ku Bhutan amaphunzira ulemu wa kwa akulu ndi ubwino wa kuthandizana kuchokera m'chithunzi chimenechi.

Nchito yachitatu ndi kuletsa, ndipo ndiyo yobvuta koposa, pakuti woletsedwayo ndiye walipira ndalama. M'makachisi ambiri muli chipinda chotchedwa goenkhang, cha milungu yoteteza, chimene alendo salowamo, ndipo akazi, angakhale a m'dziko lomwelo, kawiri-kawiri saloledwa. Amonke akakhala pa mwambo waukulu, kachisi angatsekedwe tsiku lomwelo popanda chenjezo. Namulondola ayenera kupereka mau amenewa mosakhumudwitsa mlendo, ndiponso mosachonderera womsunga kachisi kuti aphwanye mwambo.

Njira Imene Alendo Amatsata

Ulendo wa ambiri umayambira ku Paro, kumene kuli bwalo la ndege zochokera kunja. Kumeneko ndiko kuli Taktsang, kutanthauza phanga la kambuku, nyumba yodziwika koposa zonse. Yakangamira pa thanthwe mamita ngati 900 pamwamba pa chigwa, ndipo wooneratu ali pansi amazizwa kuti amisiri anafikako bwanji. Akuti Guru Rinpoche anafika pamenepo atakwera pa msana wa kambuku wamkazi wa mizere-mizere, nabindikira m'phanga, nagonjetsa ziwanda za m'deralo. Kachisi wake anamangidwa mu 1692 ndi Tenzin Rabgye. Mu Epulo 1998 moto unaononga mbali yaikulu ya nyumbayo, ndipo nchito yoimanganso inatha mu 2005. Kukwera kumatenga maora awiri kapena atatu m'nkhalango ya mitengo ya paini. Akavalo amafika pakati pa njira pokha, ndipo chakumapeto munthu amatsika ndi kukweranso makwerero mazana angapo pafupi ndi mathithi. Pa chipata ali yense amasiya thumba, kamera ndi foni. Zimene waona m'katimo amapita nazo m'mutu mokha.

Ku Thimphu kuli Tashichho Dzong, limene mfumu yachitatu inalimanganso m'zaka za m'ma 1960. M'menemo muli mpando wachifumu ndi maofesi a mfumu, ndipo pa masiku a nchito alendo amalowa madzulo antchito ataweruka. Kuchokera ku Thimphu msewu umakwera kufika pa mpata wa Dochula, mamita ngati 3,100 pamwamba pa nyanja, pamene pali ma chorten 108 omangidwa mu 2004, nutsikira ku chigwa chofunda cha Punakha. Linga la Punakha liri pokumana mitsinje iwiri, Pho Chhu ndi Mo Chhu, ndiko kunena mtsinje wamwamuna ndi mtsinje wamkazi. Mfumu yoyamba inalongedwa ufumu m'menemo pa 17 Disembala 1907. Kufikira lero Je Khenpo ndi amonke ake amasamukira kumeneko m'nyengo yozizira, nabwerera ku Thimphu kukayamba kufunda, monga anachitira makolo ao. M'kachisi wina wa m'lingalo mwasungidwa thupi la Zhabdrung, ndipo m'chipindacho amalowamo mfumu, Je Khenpo ndi amonke ochisamala okha. Apa namulondola amangoloza chitseko, nafotokoza ali panja.

Amene ali ndi masiku ambiri amapitirira kum'mawa. M'chigwa cha Phobjikha muli nyumba ya amonke ya Gangtey, ya gulu lakale la Nyingma, yomangidwa m'zaka za m'ma 1600. Chaka ndi chaka, chakumapeto kwa Okutobala, m'chigwacho mumafika mbalame zazikulu za miyendo yaitali ndi makosi akuda zochokera ku Tibet, ndipo anthu amati zimazungulira nyumbayo katatu zisanatere. Kupitirira Trongsa kuli Bumthang, kwao kwa Pema Lingpa, amene anabadwa mu 1450 namwalira mu 1521. Iye anali wosula zitsulo, ndipo amakhulupirira kuti anabvumbula mabuku ndi zinthu zoyera zimene Guru Rinpoche anabisa m'matanthwe ndi m'madzi. Kachisi wa Tamshing, amene iye anamanga mu 1501, alipobe, ndipo banja lachifumu limachokera ku mbumba yake.

Magule a Tshechu

Alendo ambiri amakonza ulendo wao kuti ukumane ndi chikondwerero chotchedwa tshechu. Dzinali litanthauza tsiku lakhumi la mwezi, tsiku lokumbukira nchito za Guru Rinpoche. Chigawo chiri chonse chiri ndi tshechu wake kamodzi pa chaka. Wa ku Paro amachitika m'Malichi kapena m'Epulo, wa ku Thimphu m'Sepitembala kapena m'Okutobala. Kwa masiku angapo amonke ndi amuna a m'midzi amabvina m'bwalo atabvala zigoba za nkhope za nyama, za milungu ndi za ziwanda, anthu nakhala pansi mozungulira atabvala zobvala zao zabwino koposa.

Gule ali yense ali ndi chiphunzitso chake. Mu Raksha Mangcham mfumu ya imfa imakhala pa mpando kuweruza akufa. Wochimwa amabwera naye, mzimu woyera numnenera zabwino zake, chiwanda chakuda nichiwerenga zoipa zake, ndipo nchito zake zimayesedwa pa muyeso ndi timiyala toyera ndi takuda. Anthu amati woonerera gule ameneyu adzazizindikira nkhopezo akadzakumana nazo atafa, ndipo sadzachita nazo mantha. Pakati pa obvina pamayenda-yenda anthu anthabwala a zigoba zofiira za mphuno zazikulu, otchedwa atsara, amene amaseketsa khamu, nakonza zobvala za obvina, nasungitsa bata. Ku Paro, pa tsiku lotsiriza kusanache, amonke amatambasula chinsalu chachikulu cha chithunzi cha Guru Rinpoche chophimba khoma lonse la nyumba. Dzina lake ndi thongdrel, kutanthauza kumasulidwa mwa kuona, ndipo amachipindanso dzuwa lisanachiombe. Anthu amafola mu mdima ndi m'chisanu kuti agunditse mphumi m'mphepete mwake.

Pano ndi pamene kusiyana kwa wopembedza ndi woonerera kumaonekera poyera. Mlendo wofuna chithunzi chabwino amakhumba kulowa m'bwalo kapena kuima patsogolo pa nkhalamba imene yayenda mtunda wautali, ndipo namulondola ayenera kumbweza. Gule mmodzi wa kum'mawa kwa dzikolo, Drametse Ngacham, wobvinidwa ndi amuna 16 onyamula ng'oma, analengezedwa ndi bungwe la UNESCO mu 2005 kuti ndi chuma cha anthu onse, chaka chomwecho chimene Gule Wamkulu wa Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique analandira ulemu womwewo. Amene adziwa m'mene eni dambwe amasiyanitsira zoonetsa pa bwalo ndi zosaulula sadzabvutika kumva nkhawa ya amonke a ku Bhutan.

Nkhani ya Zinenero

Kwa ophunzira zinenero, nchito ya namulondola iri ndi phunziro lina. Iye amaima pakati pa zinenero zitatu kapena zinai. Mabuku oyera ndi mapemphero a amonke ali m'Chöke, ndicho Chitibeti chakale cha m'mabuku, chimene munthu wamba amachimva pang'ono chabe. Chinenero cha dziko ndi Dzongkha, kutanthauza chinenero cha m'dzong, cholankhulidwa kweni-kweni kumadzulo. M'zigwa zina muli zinenero zina, monga Tshangla kum'mawa ndi Bumthangkha pakati, ndipo zonse pamodzi zimayandikira 20. Koma kuyambira m'zaka za m'ma 1960 sukulu za boma zimaphunzitsa maphunziro ambiri m'Chingerezi, Dzongkha nkukhala phunziro limodzi mwa ena. Zotsatira zake nzakuti mnyamata wotsiriza sukulu angalankhule bwino ndi mlendo, koma nkulephera kuwerenga zolembedwa pa khoma la kachisi amene ali kufotokoza.

Palinso mau amene amakana kuoloka. Liu lakuti lha amalimasulira kuti mulungu, ndipo lhakhang ndiyo nyumba ya lha; koma mlendo woleredwa m'Chikhristu kapena m'Chisilamu akamva mulungu amaganiza za Mlengi, pamene Abuda saphunzitsa za mlengi wa dziko, ndipo Buddha mwini anali munthu amene anapeza njira yotulukira m'masautso. Zithunzi za nkhope zaukali, za mano otuluka ndi mikanda ya zigaza, mlendo angaziyese ziwanda, chikhalirecho eni ake amati zambiri mwa izo ndi chifundo chomwecho chitabvala ukali kuti chigonjetse zoipa. Mau akuti ley jumdrey amanena kuti nchito iri yonse iri ndi chipatso chake, m'moyo uno kapena m'moyo wina, ndipo tha damtshig ndi kukhulupirika kumene kumamanga mwana ndi kholo, wophunzira ndi mphunzitsi, munthu ndi mfumu yake. Namulondola waulesi amasankha liu la Chingerezi loyandikira, mlendo nabwerera kwao ndi chithunzi chopotoka. Wakhama amasunga liu la eni ake, nalizungulira ndi zitsanzo kufikira litamveka. Wodziwa chinenero cha mlendo chokha sangathe kuchita chotere. Ayenera kuzama m'chinenero cha kwao choyamba.

Phindu ndi Mabvuto

Walira mvula walira matope. Ndalama za alendo zimathandiza boma limene malamulo ake a 2008 amalilamula kupereka maphunziro oyamba ndi chithandizo cha kuchipatala kwaulere, ndiponso kusamala gulu la amonke. Nyumba zakalezi zimadya ndalama zambiri, pakuti ziri ndi matabwa ochuluka ndi nyali za mafuta zoyaka usana ndi usiku. Drukgyel Dzong linapsa mu 1951, Wangdue Phodrang mu 2012, ndipo madzi osefukira anaononga mbali ya Punakha mu 1994. Alendo amapatsanso nchito anamulondola, oyendetsa galimoto, ophika, oluka nsalu ndi eni akavalo.

Matope ake anaoneka pamene chiwerengero chinakwera. Mu 2019 munalowa alendo 315,599, ambiri a iwo ochokera ku maiko oyandikana nao amene sanali kulipira mtengo wa tsiku ndi tsiku uja, ndipo ena anali kuyenda opanda namulondola. Njira ya ku Taktsang inadzaza anthu ndi phokoso. M'Okutobala chaka chomwecho mlendo wina anakwera pamwamba pa chorten ku Dochula najambulitsa chithunzi, ndipo chithunzicho chitafalikira anthu anapwetekedwa mtima kwambiri. Apolisi anamfunsa, iye nalemba kalata yopepesa. Dziko litatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha mliri wa COVID-19, boma linapeza mpata wokonzanso malamulo. Potsegulanso mu Sepitembala 2022, msonkho wa boma unakwezedwa kuchoka pa madola 65 kufika pa 200 usiku uli wonse, osawerengera pogona ndi chakudya, ndipo alendo a ku India anayamba kulipira marupi 1,200. Koma alendo anachepa kwambiri, mahotela nakhala opanda anthu, pa nthawi imene achinyamata ambiri ophunzira anali kuchoka kukafuna nchito ku Australia. Mu Sepitembala 2023 msonkhowo unatsitsidwa kufika pa madola 100.

Kukwera ndi kutsika kumeneku kusonyeza kuti mtengo wokha sungathetse nkhaniyi. Mtengo ungachepetse chiwerengero cha olowa, koma sungaphunzitse wolowayo ulemu, pakuti wolemera angathe kulakwira kachisi monga wosauka yemwe. Chimene chimateteza nyumbazo tsiku ndi tsiku ndi munthu uja woima pa chipata ndi nsalu yoyera pa phewa, amene adziwa mwambo wa kwao ndi chinenero cha mlendo wake. Kawiri-kawiri namulondola akalowa m'kachisi amayamba wagwada katatu nagunditsa mphumi pansi, nalandira m'chikhato madzi odalitsidwa kwa womsunga, namwa pang'ono, otsalawo nadzipaka kumutu, ndipo pamenepo ndi pamene amatembenuka kuyamba kufotokoza. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma namulondola, womsunga kachisi ndi amonke adzakumananso mawa pa khomo lomwelo, ndipo ana ao adzapempherera m'nyumba yomweyo.